Anapita kuti anthu a pa Nyika?

Tinanyamuka m'Nabvutika kusanace, tili asanu, tonse a cilimba cimodzi. Ndalama za ulendo tinasonkha miyezi isanu ndi itatu, ndipo cimene cinatisonkhetsa ndi cithunzi cimodzi cabe cimene mnzathu anationetsa pa foni: madzi oyera mbee akutsika pa matanthwe akuda, pansi pake polembedwa kuti Chisanga Falls, Nyika National Park. Ine ndinakulira m'munsi mwa mapiri a Chipata, koma madzi amene ndimawadziwa bwino ndi a m'cigubu, oimira pa mzere. Mathithi ndinali kungowaona m'mabuku a kusukulu.

Ulendo wake si wamasewera. Basi ya ku Lundazi, kudinditsa mapasipoti pa Lusuntha, kenaka Mzimba, n'kukagona ku Rumphi. M'mawa mwake tinapeza motoka yolimba imene inatidutsitsa ku Bolero mpaka pa geti ya Thazima. Coseketsa n'cakuti nafenso a Zambia tili ndi paki yathu ya Nyika, kacigawo ka masikweya kilomita 80 kumadzulo kwa phiri, koma kuti ukafikeko pa motoka uyenera kuyamba walowa m'Malawi. Ya a Malawi ndiyo yaikulu, yoposa masikweya kilomita 3,000. Mseu wokwera pamwamba umatsata malire kwa mtunda ndithu. Malirewo anagwirizana Angelezi okhaokha mu 1891, polekanitsa dziko la kampani ya Cecil Rhodes ndi limene pambuyo pake linachedwa Nyasaland, ndipo anangotsata msana wa mapiri: mvula yogwa mbali iyi ipita ku Luangwa, yogwa mbali inayo ipita ku Nyanja ya Malawi. Madziwo amakakumananso mu Zambezi ku Mozambique, opanda wowafunsa pasipoti.

Pamwamba pa Nyika mitengo ndi yocepa. Ndi zitunda za udzu waufupi zotsatizana mpaka maso atope, ndipo nsonga yake, Nganda, iposa mamita 2,600. Kuzizira kwa mu June ku Chipata kucepa. Tinaona mbidzi ndi nchefu zikudya osatilabadira, koma nyumba ayi, munda ayi, ngakhale utsi. Mnzathu wa cithunzi uja anatulutsa mutu pa windo n'kunena kuti: "Kuno Mulungu anasiya mmene analengera. Palibe munthu anakhudzapo." Tonse tinabvomera. Ndi mawu amenewo amene ndikulembera nkhani ino, cifukwa dzuwa lisanalowe ndinadziwa kuti tinabvomera bodza.

Kanjira ka ku Chisanga kamayambira pa mseu wopita ku Nthalire, kumene phiri limayamba kutsetsereka. Anatitsogolera ndi wa gemu, bambo wa imvi zake, mfuti pa phewa, wolankhula Citumbuka cosakaniza ndi Cicewa. Tinali kuwachula kuti adada, monga amacitira kumeneko. Ukamatsika, udzu umatha n'kuyamba miombo ndi misuku yonga ya kwathu, ndipo juzi imene unabvala pamwamba umaibvula. Tili pakati pa njira adada anawerama n'kutola kamwala kakuda, kolemera, ka timaenje ngati cisa ca njuci. Anandiika m'manja.

"Mwana wanga, uyu ndi mwala wanji?"

Ndinati sindidziwa.

"Si mwala. Ndi zotsala za mu ng'anjo."

Ng'anjo inali uvuni wa dothi wotalika ngati munthu kapena kuposa. Amisiri anali kuthiramo malasha ndi miyala ya citsulo mosanjikiza, n'kuyatsa moto woyaka usiku wonse, mpaka citsulo cilekane ndi zinyalala zake. Citsuloco osula anali kupanga makasu, nkhwangwa ndi mikondo, ndipo khasu linali cuma: linali kugula cakudya, linali kulowola mkazi. Aphoka, anthu olankhula Citumbuka a m'mapiri amenewa, anachuka ndi nchito imeneyi komanso ndi kulima pa zitunda zotsetsereka pamene ife sitingaime n'komwe. Ng'anjo zinazima m'zaka zoyamba za m'ma 1900, makasu a m'sitolo atacuruka, koma zina zikali ciimire m'thengo la Nyika.

Asanabwere osula, panali ena. Kum'mwera kwa phiri kuli thanthwe la Fingira, la phanga lalikulu, mmene ofukula zakale anapezamo mafupa a anthu ndi zida za miyala za zaka zoposa 3,000, ndi zojambula pa khoma. Pamwamba pali kanyanja ka Kaulime, kokhako kosakumbidwa ndi munthu pa Nyika yonse, kumene akale anali kukapereka nsembe mvula ikakana, pokhulupirira kuti m'madzimo muli njoka ya mizimu. Malo amene sanakhudzidwe ndi munthu sakhala ndi kacisi.

Pali mbali ina imene inandiwawa kumva, pakuti agogo anga aamuna ndi Angoni ndipo caka ndi caka mu February ndimakhala ku Mtenguleni pa Nc'wala. Zwangendaba anaoloka Zambezi mu 1835. Atamwalira, ana ake anagawikana: Mpezeni anadzakhazikika kwathu kuno, M'mbelwa anakalowa m'dziko la Atumbuka. Nkhondo za Angoni a M'mbelwa zinakankhira Aphoka ndi anzao pamwamba, m'misana ya mapiri ndi m'mapanga. Pa mathithi a Manchewe, pafupi ndi Livingstonia kum'mawa kwa Nyika, pali phanga kuseri kwa madzi limene mpaka lero amaonetsa alendo kuti ndimo anthu anali kubisala. Ife tikabvala zikopa n'kugunda pansi timakumbukira opambana. Amene anali kuseri kwa madzi aja anali kumva kugunda komweko.

Azungu atafika anayamba kupatsa zinthu maina ao. Mbidzi zimene tinajambula zija m'mabuku zili ndi dzina la Richard Crawshay, msilikali wa ku Britain amene anayenda kumeneko m'ma 1890. Robert Laws anamanga mishoni yake pa Khondowe mu 1894. Mu 1949 boma la Britain linatuma Laurens van der Post kukaona ngati phirili lingapindulitse, ndipo buku lake, Venture to the Interior, la mu 1952, linachukitsa Nyika kwa owerenga a ku Ulaya ngati dziko lakutali losadziwika. Losadziwika kwa yani? M'ma 1950 momwemo a Colonial Development Corporation anabzala mitengo ya paini pa Chelinda, imene ilipo mpaka lero. Paki ya Malawi inakhazikitsidwa mu 1965, yathu mu 1972. Ndiye mu 1978 boma la Kamuzu Banda linakulitsa paki kuti imeze ndi zitsetse za m'mbali, kumene kunali midzi.

Izi zonse ndinadzaziwerenga nditabwerera. Tsikulo ine ndinali kungomva mkokomo ukukula. Pakatha pafupi ola limodzi mukutsika, mitengo imasintha, imakhala yaitali, ya ndere, pansi ponyowa, kenaka mumangoona mtsinje wa North Rukuru ukudziponya pa matanthwe, kugwa, kupuma pa dziwe, kugwanso. Timadontho tinali kutifika kumaso tili patali. Mnzathu wina, amene m'komboni salola kuti mwana ataye ndi kapu imodzi ya madzi, anangokhala pa mwala n'kumati, "Onse awa akupita cabe?" Akupita ku Karonga, kukalowa m'nyanja. Tinajambula, tinadya mbatata zathu, tinabviika mapazi mpaka anacita dzanzi.

Kubwerera ndiye nchito. Citunda cimene unatsika ukuseka umacikwera ukuwerenga mapazi. Popuma kacitatu ndinafunsa adada ngati kwao ndi ku Rumphi. Analoza ndi cibwano kum'mwera.

"Kwathu ndi muno. Ndinabadwira m'paki."

Anati anali kamnyamata pamene malole anabwera. Anthu anauzidwa tsiku, anakweza mbuzi, mitondo ndi zitseko. Nthoci zinatsala, manda anatsala. Ndinafunsa ngati panalibe wokana. Anandiyang'ana monga mmene akulu amayang'anira mwana wobadwa dzulo.

"Nthawi ya cipani cimodzi, mwana wanga? Ukakane kwa yani?"

Anthu masauzande anacotsedwa m'caka cimeneco. Ena anakaikidwa kumadera otentha a kumunsi, kumene udzudzu ndi malungo zinali zacilendo kwa anthu okulira mu mphepo ya m'mapiri. Ana ao ndi adzukulu ali m'midzi yozungulira paki, ndipo ena mwa iwo ndiwo amagwidwa ndi misampha kapena uci. Adada amawamanga. Anati nthawi zina womangidwayo amakhala wa mfunda wao.

Nkhaniyi ife a ku Chipata sitiyenera kuidabwa. Angoni atagonjetsedwa mu 1898, Nsingo ataomberedwa, ng'ombe zinalandidwa ndipo dziko lalikulu lozungulira Fort Jameson linakhala la kampani ya North Charterland. Anthu anapanikizidwa m'marizevu, minda ya fodya ya azungu n'kutambasuka, malo ena n'kungokhala thengo. Mlendo wodutsa nthawi imeneyo akanatha kunena zimene mnzathu ananena pa windo.

Koma sindikufuna kunamizira kuti paki ndi coipa cokhacokha. Ndinaona ndi maso anga kusiyana kwa zitunda za Nyika ndi mapiri athu a Chipata amene tawameta ndi malasha ndi maplot, mvula ikagwa matope n'kutsikira m'makomboni. Mitsinje yocokera pa Nyika imamwetsa anthu a kumpoto kwa Malawi m'cilimwe cifukwa pamwambapo udzu ndi madambo zikali kusunga madzi. Maiko awiriwa anasainirana pangano mu 2015 losamalira limodzi mapaki a m'malire, ndipo mu 2017 njovu 34 zinasamutsidwa ku Liwonde kupita ku Nyika. Magulu a m'midzi amaloledwa kupacika ming'oma ya njuci m'paki. Zimenezi n'zabwino. Cimene cimandibvuta n'cakuti pa zithunzi zoitanira alendo pamakhala mbidzi ndi maluwa, osati dzina la mudzi ngakhale umodzi mwa imene inacoka. Njovu zinabwera pa malole, anthu anacoka pa malole, koma zowerengedwa bwino ndi njovu.

Nafenso tili m'nkhaniyi, ngakhale tikhale kutali. Nyika ili ndi mitundu yoposa 200 ya maluwa a orchid, ndipo tinthu tonga timbatata timene timamera pansi pa ena mwa maluwawo ndito timapanga cikanda: kusinja, kusakaniza ndi nsinjiro, soda ndi tsabola. Kale cinali cakudya ca kumidzi ya kumpoto kwa Zambia. Lero cili pa msika uliwonse wa m'tauni, ndipo madambo athu atacepa, amalonda anayamba kucitenga ku Tanzania ndi ku Malawi. Ku Tanzania anafika pokhazikitsa paki ya Kitulo mu 2005 makamaka kuti ateteze maluwa. Pa Nyika adada anationetsa timaenje tatsopano m'dambo. Ukakumba kambatatako, duwalo latha. Wokumba amalandira zocepa, ndipo akagwidwa ndiye amakagona m'selo, pamene wakudya ali phee pa Kapata.

Kamwala kaja ndinafuna kuika m'thumba. Adada anapukusa mutu, ndinakabwezera pamene anakatola.

Titabwerera, Loweruka lotsatira ndinapita kumsika, ndipo fungo la cikanda linandiitana monga mwa masiku onse. Ndinagula ka K5. Polandira cenji ndinafunsa amai ogulitsa kumene amatenga cosasinja.

"Cimabwera m'masaka pa basi, mwana wanga," anatero akupukuta mpeni. "Nikuikireko tsabola?"