Fyuzi ya galimoto

Fyuzi ndi kachitsulo kopyapyala kokutidwa ndi pulasitiki, kamene kamaduka magetsi akapitirira mlingo, kuti mawaya asapse. Mlingowo, wa ma amp, umadziwika ndi mtundu: yofiira 10, yobiriwira ngati thambo 15, yachikasu 20, yobiriwira ngati msipu 30. Magalimoto ang'onoang'ono amayendera 12 volts. Malole akuluakulu ambiri 24.

M'minda ya tiyi ku Thyolo, monga Satemwa, yomwe inayamba mu 1923, Conforzi ndi Naming'omba, mathirakitala ndi malole onyamula masamba kupita kufakitale amavutika ndi chinyezi. Mvula ya Novembala mpaka Epulo ikatha, chiperoni chimatsatira. Dzimbiri limagwira mitu ya batire ndi waya wa earth womangidwa pa chesisi, nyali n'kumayaka mwa apo ndi apo ngakhale fyuzi ili bwinobwino. Mabampu a misewu yafumbi amakhulitsa waya pachitsulo mpaka chikopa chake kusupuka, ndipo apo ndi pamene shoti imayambira.

Makaniko amayamba ndi batire: ya 12 volts yodzadza imasonyeza pafupifupi 12.6 volts injini itazima. Kenako amakhudzitsa tesita ya nyali pa timitu tiwiri ta pamsana pa fyuzi, atatsegula kiyi. Ikayaka mbali imodzi yokha, fyuziyo yapsa. Yatsopano ikapsanso pompopompo, amatsata wayayo, makamaka pamene wadutsa pabowo la chitsulo.

Madalaivala ena amakulunga fyuzi yakupsa ndi kawaya kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya ndudu kuti masamba asachedwe kufika. Kumeneko n'kuitana moto pansi pa dashibodi, monganso kuika ya 30 pamalo pa ya 10.