Kudikira, Kuyembekeza ndi Kupirira: Mawu a Akatolika a ku Dowa ndi Ntchisi

Kalendala ya Eklezia ndi ya mlimi wa kumapiri a Dowa ndi Ntchisi zimayendera limodzi. Adiventi imayamba kumapeto kwa Novembala kapena kuchiyambi kwa Disembala, mizere itapangidwa kale, mbewu ili m'nyumba, maso a aliyense ali kumitambo. Lenti nayo kawirikawiri imagwa mu Febuluwale ndi Malichi, nkhokwe zili mbee, chimanga chisanakhwime. Wansembe wa ku Nambuma, Mtengowanthenga, Madisi kapena Mpherere akamalalikira zodikira Mulungu, amalankhula ndi anthu oidziwa bwino ntchitoyo. Chofunika n'kusiyanitsa mawu amene timawasakaniza popemphera.

Kudikira amadikira aliyense, ngakhale wofuna minibasi pa Mponela. Kuyembekeza n'kwina. Mayi wapakati timamutcha woyembekezera: nkhope ya mwana sanaione, tsiku lenileni salidziwa, koma amapita kusikelo, amasunga nsalu ndi beseni. Katekisimu imaika chiyembekezo pamodzi ndi chikhulupiriro ndi chikondi ngati mphatso zochokera kwa Mulungu mwini, ndiye kuti sichibadwa chifukwa choti zinthu zikuoneka bwino. Mu Malichi 2024 boma lidalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi chifukwa cha ng'amba ya El Niño. Ambiri mwa amene chimanga chidawafotera adapemphera korona ndi manovena ndithu. Chiyembekezo chawo chikadakhala pa mvula yokha, bwenzi chitauma limodzi ndi mmera. Chimene Mkatolika amayembekeza ndi Mulungu amene sataya anthu ake, mvula igwe kapena isagwe.

Eklezia imatchula njira ziwiri zolakwira chiyembekezo. Yoyamba ndi kutaya mtima. Yachiwiri ndi kudzinamiza kuti Mulungu achita zonse ife titapinda manja. Njira yachiwiriyi imabisala m'mawu okoma. Pitani kumphakati, pakhonde la wina madzulo, mikeka itayalidwa, Baibulo lili pakampando. Mudzamva anthu awiri akunena mawu amodzimodzi akuti "Mulungu ndiye akudziwa." Wina wawanena atathira manyowa poti feteleza wamukanika mtengo, atabzalako soya ndi mbatata kuopa kudalira chimanga chokha. Winayo wawanena mwana akutentha thupi tsiku lachitatu osamutengera kuchipatala. Woyambayo wadzipereka m'manja mwa Mulungu, pomwe wachiwiriyo akumusenzetsa Mulungu katundu amene adapatsidwa iye.

Mawu amene ndimawaopa kwambiri ndi akuti kupirira, chifukwa ndi okongola komanso apweteketsa anthu ambiri. Mayi wotupa diso amabwezedwa kwa mwamuna womumenya ndi mawu akuti banja n'kupirira. Tenanti wolima fodya wa mwini wake amauzidwa kuti apirire, malipiro adzabwera fodya akagulitsidwa, kenaka n'kumva kuti zonse zathera kungongole ya ufa. Uku si kupirira kumene Eklezia imaphunzitsa. Kupirira kwachikhristu n'kusagonja pochita chabwino pamene chikukuwawa, ndipo nthawi zina chabwinocho ndi kulankhula. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, komatu wodekhayo amakhala akuyang'anitsitsa, sagona tulo.

Mbiri yathu yomwe ikuchitira umboni. Miphakati imene timapempheramoyi idakhazikika mu dayosizi ya Lilongwe, yomwe Dowa ndi Ntchisi zili m'kati mwake, kudzera mu sinodi imene Ambuye Patrick Kalilombe adatsogolera kuyambira 1973 mpaka 1975. Boma la nthawi imeneyo silidakondwere nawo, ndipo adatuluka m'dziko muno. Patapita zaka, pa 8 Malichi 1992, m'nyengo ya Lenti, kalata ya maepiskopi idawerengedwa m'matchalitchi onse, yodzudzula kusiyana kwa olemera ndi osauka komanso kutsekedwa pakamwa kwa anthu. Maepiskopiwo adaopsezedwa, koma chaka chotsatira Amalawi adavota pa referendamu. Amene adapirira zaka zonsezo ndi omwewo amene adalankhula nthawi itakwana.

Pali kudikira kwina kumene kulibe ngakhale nyengo. Ku Dzaleka, komwe kale kudali ndende ya andale, kwakhala msasa wa othawa kwawo kuyambira 1994, ndipo tsopano kuli anthu oposa 50,000, ambiri ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda. Mlimi amadziwa kuti Disembala adzafikanso. Munthu wa ku Dzaleka sadziwa ngati adzabwerere kwawo, kapena kutengedwa kupita kudziko lina, kapena kukalambira pomwepo, ndipo ena obadwira mumsasamo ali ndi ana awo. Bungwe la Jesuit Refugee Service limayendetsa sukulu kumeneko. Kwa ine, kuphunzitsa masamu mwana amene sakudziwa dziko limene adzakhalemo, ndi ntchito ya chiyembekezo yoposa maulaliki ambiri.

Nanga pemphero likauma, munthu osamvanso kuti Mulungu alipo? Ena amathamangira kunena kuti wachimwa kapena walodzedwa, ndipo apa ndi pomwe ambiri amayamba kuzungulira kwa aneneri olonjeza yankho la msangamsanga. Akatolika ali ndi dzina la nyengo yotere: usiku wamdima. Dzinali tidalilandira kwa Yohane Woyera wa Mtanda, Mkarimeli wa ku Spain amene adatsekeredwa m'kachipinda ku Toledo mu 1577 ndi anzake a chipani chomwecho. Iye adaphunzitsa kuti mdimawo ungathe kukhala njira imene Mulungu amalekanitsira munthu ndi kukonda mphatso m'malo mokonda wopereka. Ambuye George Tambala, arkiepiskopi wa Lilongwe kuyambira 2021, ndi Mkarimeli nawonso. Ndikadakonda akatekisiti athu akadamaphunzitsa mawu amenewa m'miphakati, kuti mayi amene wapemphera zaka zambiri osayankhidwa asamadzione ngati wotayidwa, ndipo anzake aleke kumufunsa chimene adalakwa.