Amayi pa utsogoleri wa zaumoyo ku Mzimba

Mbiri ya amayi otsogolera ntchito zachipatala m'boma la Mzimba imakhudza Embangweni, m'dera la Inkosi Mzukuzuku. Mishoni ya Loudon itakhazikitsidwa kumeneko mu 1902, amene ankachiza odwala adali Dr Agnes Fraser, dokotala wa ku Scotland yemwenso adali mkazi wa m'busa Donald Fraser. Lero pamalopo pali chipatala cha Embangweni cha Sinodi ya Livingstonia ya mpingo wa CCAP.

Kwa amayi achimalawi, khomo lomwe lidatseguka msanga ndi la unamwino ndi uzamba, pamene mipando yopanga ziganizo idakhala m'manja mwa abambo kwa zaka zambiri. Zinthu zidasintha pang'onopang'ono. Catherine Gotani Hara, monga phungu wa kumpoto chakum'mawa kwa Mzimba, adakhala nduna ya zaumoyo m'boma la Joyce Banda, ndipo mu 2019 adasankhidwa kukhala sipikala woyamba wamkazi wa Nyumba ya Malamulo.

Kumbali ya maphunziro, Pulofesa Address Malata, katswiri wa unamwino ndi uzamba, adatsogolera sukulu ya Kamuzu College of Nursing asadakhale mkulu wa yunivesite ya MUST ku Thyolo mu 2016. Izi zikusonyeza kuti unamwino ukhoza kumufikitsa mtsikana wa ku Jenda kapena ku Edingeni pampando waukulu.