Nthawi imene yunivesite inafika padooko

Anzanga a kunyanja, werengani kaye musanatumize kwina.

Mwezi wathawu ndinali ku Nsanje kukakonza injini ya boti lowolotsa anthu kupita kwa Nyachikadza. Kumeneko Shire akasefukira, ngati mu 2015 ndi nthawi ya namondwe Freddy mu 2023, minda imamira ndipo odwala amawapalasira pa bwato. Agogo ena anandifunsa: "Mwananga, ophunzira kwambiri aja ali kuti?"

Ine sukulu ndinalekezera Folomu 4, komatu mbiri iyi ndimaidziwa. Yunivesite ya Malawi inakhazikitsidwa mu 1964, mkulu woyamba kuiyendetsa anali Ian Michael, ndipo maphunziro anayamba mu 1965 ku Chichiri. Isanakhwime n'komwe, aphunzitsi ake, motsogozedwa ndi Pulofesa Margaret Kalk, anayamba kafukufuku pa nyanja ya Chilwa. Nyanjayo itaphwa mu 1968, matemba n'kusowa, iwo anali konko: kuyeza madzi, kutsata nsomba zomwe zinathawira m'mitsinje ndi m'madambo, n'kuona momwe zinabwererera madzi atadzadza. Zonsezo zinatuluka m'buku mu 1979. Bambo anga, asodzi, amati nsomba suidziwira kumtunda. Iwo aja analowadi m'matope.

Lero ku Thyolo kuli MUST, yotsegulidwa mu 2014, yophunzitsanso za ngozi zogwa mwadzidzidzi. Kuchoka ku Thyolo kutsikira ku Nsanje si patali ayi.

Inu akuluakulu oyendetsa mayunivesite aboma, misonkho yathu ndi imene imakusungani. Tumizani ophunzira anu akakhale kwa Nyachikadza dzinja lonse, ayeze madzi limodzi ndi eni dera. Injini ya boti ndikonza ndine.