Kachitsulo komwe kamalimbitsa thumba la chimanga

Thumba lolukidwa losungiramo chimanga, chigubu cha madzi ndi paipi yakuda yothirira kudimba, zonsezi ndi mapulasitiki a banja limodzi lotchedwa polyolefin. Odziwika kwambiri m'banjali ndi polyethylene ndi polypropylene. Amapangidwa ndi mipweya iwiri, ethylene ndi propylene, yomwe imachokera ku mafuta apansi kapena ku gasi.

Mipweyayi ili ndi tizidutswa tosaoneka ndi maso. Kuti pakhale pulasitiki, tizidutswati tiyenera kugwirana tambirimbiri mpaka kukhala ngati unyolo wautali, koma patokha sitigwirana msanga. Pamafunika chofulumizitsa, chomwe akatswiri amati catalyst. Amayi ophika thobwa amaidziwa ntchito yotere: chimera chochepa chimatsekemeretsa phala lonse. Kufakitale, ntchitoyi imagwiridwa ndi kachitsulo, kawirikawiri titanium, kozunguliridwa ndi mankhwala ena. Kachitsuloka kamakoka kachidutswa kamodzi, n'kukalumikiza ku unyolo, n'kukokanso kena, osatopa.

Polyethylene inayamba kupezeka ku England mu 1933 pakampani ya ICI, koma kuti ipangike ankapanikiza mpweya mwamphamvu kuposa ka 1,000 mmene mpweya wapanja ulili. Unyolo wake unkatuluka wanthambinthambi, choncho pulasitikiyo inali yofewa. Ndi mtundu umene timauona m'majumbo ambiri ofewa.

Mu 1953 Karl Ziegler, ku Mülheim m'dziko la Germany, anasakaniza mankhwala a titanium ndi a aluminium n'kupeza kuti ethylene akugwirana popanda kumupanikiza choncho. Chofunika kwambiri n'chakuti unyolo unatuluka wowongoka. Maunyolo owongoka amagonerana bwino ngati bango la mphasa, ndiye pulasitiki imalimba. Zigubu ndi mapaipi ambiri amapangidwa ndi mtundu umenewu.

Propylene ndi wovutirapo, chifukwa kachidutswa kalikonse kali ndi kanthambi kake. Tinthambito tikaloza uku ndi uku, pamatuluka chinthu chomata chopanda mphamvu. Mu 1954 Giulio Natta wa ku Milan, Italy, anaonetsa kuti chofulumizitsa cha Ziegler chingathe kutiika tonse mbali imodzi. Apa m'pomwe panachokera ulusi wolimba umene umanyamula makilogalamu 50 a feteleza osaduka. Awiriwa analandira mphotho ya Nobel mu 1963. Cha m'ma 1980, Walter Kaminsky ndi Hansjörg Sinn ku Hamburg anabweretsa zofulumizitsa za zirconium zotchedwa metallocene, zomwe zimatulutsa maunyolo ofanana kwambiri kutalika.

Zofulumizitsa zamakono n'zamphamvu moti galamu imodzi imapanga makilogalamu ambirimbiri a pulasitiki, ndipo kochepa kotsalako amangokasiya momwemo. Titanium si yachilendo kuno kwathu: mchenga wa ku Moma, m'chigawo cha Nampula, umakumbidwa chifukwa cha chitsulochi, ngakhale yambiri padziko lonse imathera kopangira penti yoyera.

Chomwe chofulumizitsa sichingathe ndi kuteteza thumba ku dzuwa. Kuwala kwa dzuwa kumadula maunyolo a polypropylene, n'chifukwa chake thumba losiyidwa pabwalo limayamba kutuwa kenako kufumbutuka ngati ufa. Matumba asungidwe m'nyumba kapena pamthunzi. Pogula chigubu kapena ndowa, yang'anani nambala yomwe ili mukachizindikiro ka ngodya zitatu kunsi kwake: 2 ndi polyethylene yolimba, 4 ndi yofewa, ndipo 5 ndi polypropylene.