ULENDO WA KUNYANJA KUCHOKERA KU NCHENACHENA

Masiku ano munthu wa ku Nchenachena amatha kukwera galimoto m'mawa, kutsetsereka phiri la Chiweta, kusamba m'nyanja ku Chitimba ndi kubwerera dzuwa lisanalowe. Makolo akadamva zimenezi akadagwira pakamwa.

Kale ulendo wa kunyanja sunali wokasangalala. Aphoka ankalawira tambala woyamba atasenza nyemba ndi chimanga, n'kutsika mapiri wapansi kukasinthanitsa ndi usipa wouma. Dr Robert Laws adakhazika mishoni ya Livingstonia ku Khondowe mu 1894, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 kudalambulidwa msewu wa Gorodi, wa makhota 20, wotsikira ku Chitimba, komwe Azungu ankatcha Florence Bay. Komabe mwendo ndiwo udali galimoto ya ambiri.

Chifukwa cha kutalika kwa mtunda, wapaulendo ankagona kunyanja. Aliyense adali ndi bwenzi lake lomuyalira mphasa, ndipo msodziyo naye akakwera kumapiri nthawi ya njala sankabwerera chimanjamanja. Maukwati ena adayambira pamenepa.

Akuluakulu adati mlendo ndi mame, koma sankanena mlendo wongogula nsomba ndi ndalama, wochoka asanafunse ndi dzina la mwini bwato lomwe.