Moto Umene Melville Anapala kwa Shakespeare

William Shakespeare atamwalira mu 1616, anzake awiri a zisudzo anasonkhanitsa masewero ake 36 n'kuwasindikiza mu 1623. Masewerowo anaoloka nyanja, ndipo pofika m'ma 1800 anthu ku America ankadzazana kukawaonera.

Herman Melville, wobadwira ku New York mu 1819, anachedwa kuwazolowera. Mu 1841 anakwera Acushnet, chombo chosaka anangumi, ndipo atabwerako analemba Typee mu 1846 ndi Omoo mu 1847, nkhani zosimba maulendo basi. Maso ake anali ofooka, choncho tizilembo ting'onoting'ono tinkamuthawitsa. Mu Febuluwale 1849 ali ku Boston anapeza masewero a Shakespeare m'mabuku 7 a zilembo zikuluzikulu. Anawawerenga pensulo ili m'manja, akulemba ndemanga m'mphepete mwa masamba. Mabukuwo akusungidwa ku Harvard.

Chipatso chake chinaoneka mu 1851 m'buku la Moby-Dick. Ahab, woyendetsa chombo amene nangumi woyera anamudula mwendo, amakalipira mphezi ngati Mfumu Lear wa Shakespeare. Monga Lear anali ndi chitsiru chomuuza zoona, Ahab ali ndi Pip, kamnyamata kamene kanasokonezeka mutu katasiyidwa kokha panyanja. Ulosi wa m'bukuli unachokera kwa Macbeth. Uyu afiti anamulimbitsa mtima ndi mawu okuluwika. Ahab naye amauzidwa ndi Fedallah, mmodzi wa anthu a m'chombo chake, kuti chingwe chokha ndicho chingamuphe. Ahab amaseka, poganiza za chingwe chonyongera anthu kumtunda. Mapeto ake, chingwe cha mkondo wake womwe chimamukola m'khosi n'kumukokera m'madzi. Mitu ina ya bukuli inalembedwa ngati sewero lenileni, munthu akudziyankhulira yekha pachombo.

Komabe Melville anangopala moto, mphika unali wake. Shakespeare ankapereka mawu akuluakulu kwa mafumu. Melville anawaika m'kamwa mwa msodzi wa ku Nantucket wonunkha mafuta a nangumi.

Anthu a nthawi yake sanamvetse. Buku lake la Pierre la mu 1852, lokhala ndi fungo la Hamlet, linanyozedwa, ndipo Melville anamwalira mu 1891 ali woiwalika. Buku lake la Billy Budd, mmene munthu wotchedwa Claggart, ngati Iago wa Shakespeare, amada munthu wosalakwa, linatuluka mu 1924. Kenako olemba F. O. Matthiessen mu 1941 ndi Charles Olson mu 1947 anaulondola ubale wa Melville ndi Shakespeare. Olson anachita kutsegula mabuku 7 aja n'kutsata zimene pensulo inasiya, makamaka pa masamba a King Lear.